Kalata yotseguka: yesani mafuta a mtedza ndi soya athu, mutiuze zoona zake

Kwa olemekezeka Bwanamkubwa wa chigawo cha Tete, akuluakulu a zaumoyo ndi a zaulimi m'chigawo chino, a Administrador a maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga, komanso akuluakulu a yunivesite ya UniZambeze ndi a bungwe lofufuza zaulimi la IIAM,

Zikomo mabwana. Kalata iyi ndailemba poyera kuti anzanga a m'midzi aione nawo, popeza nkhani yake ndi yawo. Pempho langa ndi ili: tengani mafuta amene tikufinya ku mtedza, soya ndi mbewu zina za m'gulu la nyemba kwathu kuno, muwayese m'labotale, kenako mubwere mudzatiuze m'Chichewa chomveka zimene mafutawo angachite kwa tizilombo toyambitsa matenda, ndi zimene sangachite. Podikira zimenezo, zilipo zina zodziwika kale zimene anthu akufunika kuzimva kuchokera pakamwa panu lero lino.

Ine ndinali mphunzitsi wa Biologia, ndipo nditapuma ntchito ndinabwerera kumudzi ku Domué kukagwira khasu. Ndimalima chimanga, mbatatesi, soya ndi mtedza, ndiponso ndili m'kalabu ya alimi imene ili ndi kamakina kofinyira mafuta. Tinasonkherana kugula kamakinako titatopa ndi kupereka mbewu zathu kwa mavenda pamtengo wozizira, kenako n'kukagula mafuta ophikira m'sitolo pamtengo woboola m'thumba. Ndikulankhula tsono ngati munthu wodyera momwemo. Anthu atakhulupirira kuti mafutawa ndi mankhwala, oyamba kupindula tingakhale ife eni makina, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna nkhaniyi iongoledwe isanapite patali.

Masiku ano pa WhatsApp ndi pa Facebook pakuyenda uthenga, wina wa m'Chipwitikizi wina wa m'Chingerezi, wonena kuti ofufuza apeza kuti mafuta a mbewu za m'gulu la nyemba amapha mabakiteriya ndi mafangasi. Mnyamata wa foni amawerengera mayi ake, mayi akewo amauza anzawo kumjigo, ndipo pofika tsiku la msika nkhani yasanduka yakuti mafuta a mtedza amachiza chipere, zithupsa, zilonda za moto ndi mchombo wa khanda. Pakhomo pa kalabu yathu amabwera amayi atanyamula kabotolo kotha mankhwala, n'kupempha kuti tiwathiriremo pang'ono "a mwana", osati a ndiwo. M'misika ya m'malire muno, momwe ife ndi abale athu a ku Dedza ndi Ntcheu timagulitsana chilichonse, ndaonamo timabotolo ta mafuta osayenga tikugulitsidwa ngati mankhwala apakhungu, pamtengo woposa wa mafuta ophikira.

Uthengawo uli ndi choonadi chake, ndipo ngozi yake yagona pomwepo. Mafuta ophikira alionse amapangidwa ndi maasidi a m'mafuta, omangidwa atatuatatu pa kanthu kotchedwa glycerol. Mu mtedza, umene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mafuta, asidi wochuluka ndi oleic, kenako linoleic. Soya ali ndi mafuta pafupifupi magawo 20 pa 100 alionse, ndipo theka la mafutawo kapena kuposerapo ndi linoleic. Asayansi anadziwa kalekale kuti maasidi amenewa akamasuka, n'kukhala paokha, amasokoneza kakhungu kopyapyala kokuta bakiteriya mpaka kufa. Mu 1972 Jon Kabara ndi anzake ku America anayesa maasidi ambiri mmodzimmodzi, ndipo anapeza kuti lauric, amene amachuluka m'mafuta a kokonati, ndi wamphamvu, ndiponso kuti linoleic amaposa oleic. Ngakhale khungu lathuli limadziteteza mwa njira yomweyo, ndi timafuta take tomwe.

Koma m'botolo la mafuta abwino maasidiwo sakhala omasuka. Amakhala omangidwa, ndipo omangidwawo mphamvu yawo pa tizilombo ndi yochepa kwambiri. Muyezo wa Codex, umene mayiko amatsatira pa zakudya, umalola kuti m'mafuta ofinya osayenga asidi womasuka asapose pafupifupi magawo 2 pa 100, ndipo m'mafuta oyenga akhale wochepa kuposa pamenepo. Asidi womasukayo akamachuluka ndiye kuti mafuta ayamba kuwonongeka, aja onunkha ndi oyabwa pakhosi amene mayi aliyense amawakana. Ndiye onani mmene zakhalira: mafuta abwino kudya alibe mphamvu yokwanira kupha tizilombo, ndipo amene ayamba kukhala nayo ndi oti munthu sangawaike pa bala la mwana wake.

Mabakiteriyanso sali amodzi. Ena, monga Staphylococcus aureus wa zithupsa ndi mafinya uja, ali ndi chikuto chimodzi, ndipo maasidi omasuka amawafika. Ena monga E. coli, Salmonella wa taifodi ndi Pseudomonas, amene amakonda kulowa m'zilonda za moto, ali ndi chikuto chachiwiri chakunja chimene chimatchinga maasidiwo. Uthenga wa pafoni uja sunena zimenezi.

Sunenanso mmene kuyesako kumachitikira. Wofufuza amadzala mabakiteriya pa kambale ka m'labotale momwe muli chakudya chawo choundana, n'kuikapo kapepala kozungulira konyikidwa m'chinthu chimene akuyesa. Mawa lake amayeza ndi lula kabwalo koyera kozungulira kapepalako, pamene tizilombo talephera kumera. Chakudya cha m'kambalemo ndi cha madzi, ndipo mafuta sasakanikirana ndi madzi, choncho ofufuza amayamba awasungunula m'mankhwala ena. Kawirikawiri mafutawonso sanafinyidwe ndi makina ngati athuwa, anachotsedwa m'mbewu ndi mankhwala otchedwa hexane, amene amakoka ndi zina zimene makina athu amazisiya. Kabwalo kakaoneka, ndi chiyambi chabe cha ulendo. Pamatsala kupeza mlingo wochepetsetsa umene umaletsa tizilomboto, kuona ngati mlingowo suwononga khungu, kuyesa pa nyama, ndiyeno pa anthu odwala, poyerekeza ndi mankhwala amene alipo kale. Zinthu zambiri zimene zimaoneka bwino pa kambale zimagwera panjira.

Za nyemba, khobwe ndi nandolo sindichedwapo. Mafuta ake ndi gawo limodzi kapena awiri pa 100. M'thumba lonse la makilogalamu 50 muli mafuta osaposa kilogalamu imodzi, ndipo kamakina kathu sikangatulutsemo ngakhale dontho. Nzama zili ndi ochulukirapo, pafupifupi magawo 6. Wina akakugulitsani botolo lodzaza n'kunena kuti ndi mafuta a nyemba ofinya pamudzi, mumufunse bwino.

Pa mafangasi umboni uli m'nkhokwe zathu momwemu. Mtedza ndi mbewu ya mafuta ochuluka kuposa zonse za m'gulu lake zimene timalima, koma ndi womwewo umene umagwidwa chuku msanga ukangonyowa. Chuku ndi fangasi, dzina lake Aspergillus flavus, ndipo mafuta a mu mtedzawo chimawadya ngati chakudya chake. Akanakhala kuti mafuta a mtedza paokha amapha mafangasi, bwenzi mtedza ukukhala chaka chonse pansi ponyowa osachita kanthu. N'zoona kuti mbewu zimenezi zili ndi zida zake zodzitetezera. Soya akagwidwa ndi fangasi amapanga glyceollin, ndipo mtedza umapanga resveratrol ndi abale ake. Koma zambiri za izi zimatsalira m'khungu lofiira la mtedza ndi m'keke yotsala pofinya, sizipita m'botolo. Palinso fangasi wina wotchedwa Malassezia, amene amayambitsa mfundu ndi mawanga otuwa aja a pachifuwa ndi pamsana. Ameneyu satha kudzipangira yekha maasidi a m'mafuta, amadalira kuwapeza pakhungu, moti ofufuza akafuna kumumeretsa m'labotale amathira dala mafuta a olive pa kambale. Munthu wa mawanga otere akamadzola mafuta a mbewu kuti achire, akhoza kukhala akudyetsa mdani wake.

Ife a ku Tete tili ndi chifukwa china chosakhulupirira mphekesera pa nkhani ya tizilombo. Mu Januwale 2015 ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, anthu 75 anamwalira atamwa pombe pa mwambo wa maliro, ndipo oposa 200 anadwala. Dziko lonse linadzaza ndi nkhani ya ndulu ya ng'ona, anthu n'kumalozana zala. Patapita miyezi pafupifupi khumi, zoyesa zitatumizidwa mpaka ku America, zinadziwika kuti wakupha anali poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi bakiteriya Burkholderia gladioli amene anamera mu ufa wophikira mowawo. Poizoni ameneyu anadziwika koyamba ku Indonesia, m'chakudya chopangidwa ndi zotsalira za kokonati wofinyidwa, ndipo ofufuza anapeza kuti bakiteriyayu amapanga poizoni wochuluka pamene chakudya chili ndi mafuta ambiri. Ife amene timaunjika keke ya mtedza ndi ya soya m'matumba tiyenera kuimva nkhani imeneyi ndi makutu awiri. Ndipo inu akuluakulu mukukumbukira kuwawa kwa miyezi ija yodikira yankho lochokera kutsidya la nyanja.

Tsopano ndinene zimene zikuchitika pathupi la mwana. Pafupi ndi kwathu pali kamnyamata ka zaka za pulayimale kamene kanagwidwa chipere cha kumutu. Kanali ndi mabwalo atatu otuwa, tsitsi lothothoka ngati lometedwa ndi lezala, m'mphepete mwake motupa pang'ono. Agogo ake, anthu achikondi ndithu, ankakadzoza mafuta a mtedza m'mawa uliwonse. Mutu unkanyezimira, kutuwa kunkabisika, ndipo onse ankati kukuchepa. Pofika masana fumbi la pabwalo la sukulu linali litamatirira pa mafutawo, mwana akukanda mpaka kutuluka timadzi. Chipeso chinali chimodzi pa nyumba yonse, choncho posakhalitsa mlongo wake nayenso anayamba. Atapita kuchipatala china chaching'ono anawauza kuti mankhwala ake atha, ndipo anabwerera ku mafuta aja. Chipere cha kumutu chimakhala m'kati mwa tsitsi lenilenilo, pansi pa khungu, kumene ngakhale mankhwala opaka enieni safika bwino. Chimafuna mankhwala akumwa monga griseofulvin, kwa masabata 6 mpaka 8. Cha pathupi ndiye chimamva mankhwala opaka monga clotrimazole kapena miconazole. Agogo aja sanalakwe pofuna kuthandiza mdzukulu wawo. Anagwiritsa ntchito chimene chinali m'nyumba, chifukwa chimene chinayenera kukhala kuchipatala kunalibe.

Mchombo wa khanda ndiwo umandisowetsa tulo. Mchombo wongodulidwa kumene ndi khomo lotseguka lolowera m'magazi a mwana. Mafuta a m'kabotolo kosatsukidwa bwino, opakidwa ndi chala kapena kansanza, akhoza kulowetsa kafumbata kapena matenda a m'magazi, ndipo khanda la masiku atatu silimva kupepesa. Bungwe la WHO limalangiza kuti mchombo uzikhala woyera ndi wouma, ndipo kumene ana ambiri amabadwira kunyumba kapena kumene anthu amakonda kupakapo zinthu, apakepo mankhwala a chlorhexidine basi. Za kudzoza thupi lonse la khanda, kafukufuku alipo ndipo ndi wophunzitsa. Gary Darmstadt ndi anzake anasonyeza ku Bangladesh mu 2005 kuti ana obadwa masiku asanakwane amene ankadzozedwa mafuta a mpendadzuwa m'chipatala anadwala matenda a m'magazi mochepa ndi magawo 41 pa 100. Mafutawo ankathandiza polimbitsa khungu losakhwimalo kuti tizilombo tisalowe. Koma gulu lomwelo, poyesa pa mbewa mu 2002, linapeza kuti mafuta a soya, a olive ndi a mpiru ankachedwetsa khungu kuchira. Mpendadzuwa si wa m'gulu la nyemba, soya ndiye wa m'gululo, ndipo pa mayeso amenewo soya sanachite bwino. Ku England nako kafukufuku wa mu 2003 anapeza kuti ana amene ankapakidwa mafuta okhala ndi mtedza pakhungu lotupa ndi lazidzolo ndi amene ambiri anadzayamba kudana ndi mtedza, thupi kutupa akaudya. Kwa ife amene phala la mwana limadalira nsinjiro, imeneyo si nkhani yaing'ono.

Wopsa ndi moto kapena phala, chofunika ndi kuthira madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, kuphimba ndi nsalu yoyera, n'kuthamangira kuchipatala. Mafuta amasunga kutentha m'kati mwa bala ndipo amavutitsa anamwino potsuka.

Koma chimene chandikakamiza kwambiri kulemba ndi chuku chomwe chija, chifukwa apa ndi pamene ife ofinya mafuta tingavulaze anthu ambiri osadziwa. Mukafika pamudzi mu Meyi kapena Juni mudzapeza amayi atakhala pamphasa ndi malichero, akusankha mtedza woswa. Wonenepa, wosalala, umapita m'thumba la venda. Mphwephwa, wosweka, wakuda kunsonga ndi wobooledwa ndi chiswe umaikidwa pambali, ndipo sutayidwa. Umenewo ndi umene umasinjidwa nsinjiro za ana, kapena kubwera ku makina athu. Enanso amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa, n'kuulonga m'thumba usanaumenso. Tikauthira m'makina, mafuta amatuluka ambuu, timawasiya m'ndowa kuti nsenga zikhale pansi, n'kuwasefa ndi nsalu. Akatero amaoneka ngati uchi, fungo lake lokoma. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Poizoni wa chuku, aflatoxin, alibe fungo, saoneka ndi maso, ndipo safa ndi moto wa pamafuwa. M'mafakitale akuluakulu kuyenga kumachotsa pafupifupi yense, koma mafuta osayenga ngati athuwa amatha kutsala naye, ndipo wochuluka amakhalira m'keke imene timadyetsa nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe za mkaka.

Poizoni ameneyu anadziwika nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa cha chakudya chopangidwa ndi keke ya mtedza yochokera ku Brazil. Mu 2004 ku Kenya anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Koma kupha kwake kwenikweni ndi kwa pang'onopang'ono: amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi hepatitis B, ndipo ofufuza amamugwirizanitsa ndi kupinimbira kwa ana. Umodzi mwa maumboni oyambirira a zimenezi padziko lonse unachokera m'dziko lathu lomwe lino, ku Inhambane, kumene kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1970 anapeza khansa ya chiwindi yochuluka zedi pamodzi ndi aflatoxin wochuluka m'zakudya. Codex imalola ma microgram 15 okha (microgram ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu) pa kilogalamu ya mtedza wopita kukakonzedwa, ndipo mayiko a European Union amalola 4 pa mtedza wodyedwa momwemo. Mtedza wopita kunja umayesedwa chifukwa ogula amafuna pepala. Umene umatsalira ana a ku Domué, Furancungo ndi Tsangano, ife eni ake tilibe poyesera. Taganizani tsono mafuta otere akugulitsidwa ndi dzina la mankhwala, anthu n'kumamwetsa odwala supuni m'mawa ndi madzulo.

Musandimve ngati ndikunyoza mbewu zathu. Pali ntchito ziwiri zimene mafutawa amagwira motsimikizika, ndipo ndikanakonda alangizi akanazilalikira ndi mphamvu imene mafoni akulalikira zinazi. Yoyamba ndi sopo. Mafuta akaphikidwa ndi caustic soda, maasidi aja amamasuka n'kusanduka sopo, ndipo kusamba m'manja ndi sopo kumachepetsa matenda otsegula m'mimba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Chigawo chino chinaona kolera mu 2015 ndiponso mu 2023, ndipo m'nyumba zambiri sopo amasungidwira kuchapa zovala za kutchalitchi chifukwa ndi wodula. Makalabu ngati athu akanaphunzitsidwa kupanga sopo wabwino, wosawotcha khungu, mafuta a mtedza akanapulumutsa miyoyo mwa njira imeneyo. Ndipo akatswiri akanatiuza ngati mtedza woikidwa pambali uja, m'malo molowa m'phala la mwana, ungamapite ku sopo popanda ngozi, mayi sakanaona ngati akutaya chuma pousiya. Yachiwiri ndi kusunga mbewu. Ofufuza a bungwe lofufuza zaulimi la IITA ku Ibadan, Nigeria, anasonyeza mu 1978 kuti mamililita 5 a mafuta a mtedza, ndiye kuti supuni yaing'ono imodzi, osakanizidwa bwino ndi kilogalamu ya khobwe amateteza khobweyo kwa anankafumbwe, chifukwa amakuta mazira awo n'kuwapha. Amenewo ndi anankafumbwe, osati chuku. Mbewu yonyowa idzachitabe nkhungu ngakhale muithire mafuta.

Sindikunenanso kuti kufufuza mankhwala m'zomera n'kutaya nthawi. Penicillin anachokera ku nkhungu imene Alexander Fleming anaiona pa kambale mu 1928. Mankhwala a malungo amene tikumwa lerowa muli artemisinin, amene Tu Youyou ndi anzake ku China anamupeza m'chitsamba chimene makolo awo ankachigwiritsa ntchito. Ndipo tikufunadi mankhwala atsopano. Mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo chigawo cha Africa cha kum'mwera kwa Sahara ndicho chinakhudzidwa koposa. Sitifunika kupita kutali kuti tione chifukwa chake: m'misika yathu makapisozi a amoxicillin amagulitsidwa awiriawiri, ena n'kumawatsegula kuwaza ufa wake pabala. Chigawo chathu chili ndi mbewu za m'gulu la nyemba zambiri zoyenera kuziyang'ana. Kuli bwemba wodzaza m'madera otentha a Changara ndi m'mbali mwa Zambezi, nthanga zake zikungotayidwa. Kuli nzama, kalongonda, msangu, ndi mitundu ya mtedza monga Chalimbana ndi CG7 imene mafuta ake si ofanana. Nthaka, mvula ndi kutentha zimasintha kuchuluka kwa maasidi m'mbewu, choncho zimene wina anapeza ku India kapena ku Nigeria sizingalowe m'malo mwa kuyesa zathu. Gulu lomweli la nyemba lilinso ndi akupha. Timbewu tofiira tokhala ndi kadontho kakuda tija ana amaseweretsa, Abrus precatorius, tili ndi poizoni woopsa zedi, ndipo ombwe timaudziwa tonse mmene umaphera nsomba. Uthenga wakuti mafuta a mbewu za nyemba amachiza, ukafika kwa munthu wokonda kuyesayesa, tsiku lina udzathera pamaliro.

Zipangizo zoyambira muli nazo pafupi. UniZambeze ili ndi nthambi ya zaulimi ku Ulongué ndi nthambi ya zaumoyo mumzinda wa Tete. IIAM ili ndi malo ake ofufuzira ku Ntengo Umodzi, m'boma lathu lomwe lino la Angónia. Chaka chilichonse ophunzira amafunafuna mitu ya kafukufuku womalizira maphunziro awo. Apatseni mutu uwu, ndi ndalama zochepa zogulira zoyesera. A zaulimi atole mbewu ndi mafuta m'makalabu, alembe mtundu wa mbewu, munda umene yachokera, mmene inaumitsidwira ndi mmene inafinyidwira. A zaumoyo ayese mafutawo monga mmene alili m'botolo la pamsika, osati okonzedwa mwapadera, ndipo awayese pa tizilombo totengedwa m'zilonda ndi m'zipere za odwala a kuno, pambali pa mankhwala enieni kuti kusiyana kuoneke. Pamene pafunika makina aakulu, Instituto Nacional de Saúde, bungwe la dziko lonse lofufuza zaumoyo, ilipo ku Marracuene. Asing'anga a m'bungwe lawo la AMETRAMO aitanidwe kuyambira pachiyambi, chifukwa ndiwo amadziwa mbewu zimene anthu akupaka kale, ndipo ndiwo anthu amawamvera. Zotsatira zikadzakhala zakuti mafutawa sachita kanthu, mudzatiuzebe. Yankho limenelo ndi lofunika chimodzimodzi, ndipo ndi limene kawirikawiri limatsekeredwa m'kabati.

Zina sizifuna kudikira kafukufuku. Timapepala toyesera aflatoxin mwachangu tilipo pamsika wa dziko lonse, ndipo mlangizi wophunzitsidwa akhoza kutigwiritsa ntchito pa ofesi ya boma yoona zachuma ndi ulimi ya SDAE. Ikani zoyesera zimenezi ku Ulongué, ku Furancungo ndi ku Tsangano, kuti kalabu iliyonse ya makina izitha kupititsa mtedza ndi keke yake isanagulitse. Ife tili okonzeka kulipira kangachepe. Aflasafe, mankhwala a IITA othira m'munda amene amachepetsa chuku choipa pogwiritsa ntchito chuku chosapanga poizoni, analoledwa kale m'dziko muno, ndipo tikupempha kuti afike m'masitolo a zaulimi a kumtunda kuno nthawi yodzala isanakwane. A ANARME, bungwe loyang'anira mankhwala, ndi oyendera zamalonda a boma ayendere misika, osati kukalanda katundu wa amayi osauka, koma kukaletsa kuti botolo la mafuta lisalembedwe kapena kulengezedwa kuti limachiza matenda popanda umboni. Ndipo koposa zonse, griseofulvin, clotrimazole ndi chlorhexidine zisamasowe m'zipatala zing'onozing'ono ndi kwa azamba. Mayi amene wabwezedwa chimanjamanja sangamvere uphungu wakuti asapake mafuta.

Uthenga wonsewu ubwere m'chinenero chathu. Chikalata cha Chipwitikizi chomatidwa pakhoma la chipatala sichifika kwa agogo amene amasambitsa khanda. Rádio Moçambique imaulutsa kale m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe, mawailesi a m'madera alipo, azaumoyo a m'midzi amayenda khomo ndi khomo, mafumu ndi anyakwawa amaitanitsa misonkhano, ndipo m'matchalitchi ndi m'mizikiti muli nthawi ya zolengeza. Namwino mmodzi ndi mlangizi mmodzi atakhala pa wailesi theka la ola, n'kumayankha mafunso a anthu oimba foni za chipere, mchombo ndi chuku, angachite zambiri. Muuzenso anzanu a ku Dedza ndi Ntcheu, chifukwa mtedza, mafuta ndi mphekesera zimadutsa pa Calomué ndi pa Biriwiri tsiku lililonse, ndipo uphungu ukasiyana mbali ziwirizi anthu amasankha umene wawakomera.

Kalabu yathu yagwirizana kale kuti sitigulitsa mafuta kwa aliyense wonena kuti akukapaka pa mchombo kapena pa bala, ndiponso kuti mtedza woipa woikidwa pambali uja sulowanso m'makina. Tagwirizananso kupereka kwaulere mtedza, soya, mafuta ndi keke kwa wophunzira kapena wofufuza aliyense amene mungamutume, ndi kumuonetsa minda, nkhokwe ndi kafinyidwe kathu konse popanda kubisa. Mtedza timakumba mu Epulo ndi Meyi, ndipo makina amayamba kulira kwambiri mu Juni. Tikupempha kuti yankho lanu litipeze kudzera kwa alangizi a boma lathu nyengo imeneyo isanafike, kuti zoyesa zoyamba zidzatengedwe pa zokolola za chaka chomwechi.

Ine wanu mwaulemu,
Mlimi wa mtedza ndi soya,
Domué, Angónia